Nyama zabwerera ku Majete, nanga phindu la alendo lifika liti kumudzi?

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa akuwadziwa malo aja pamene galimoto imayamba kukhotakhota potsika phiri, ndipo mwadzidzidzi Chigwa chonse cha Shire chimaonekera pansi ngati mphasa yoyalidwa: mtsinje ukunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri, utsi wa m'midzi ukukwera mwaulesi. Alendo ochokera ku maiko akutali amaimitsa galimoto pamenepo kuti ajambule zithunzi. Koma iwo ali m'kati mojambula, pambali pao pamadutsa anyamata akukankha njinga zosenza matumba a makala, thukuta lili kamukamu, ulendo wa ku Blantyre. Anthu awiriwa, wojambula ndi wokankha njinga, onse akudya za m'chigwa chimodzi. Woyambayo wadzera mitengo ili chiimire pamodzi ndi nyama zousa pansi pake. Wachiwiriyo sagona ndi chakudya m'mimba pokhapokha mtengo utagwa. Nkhani yathu sabata ino ndi ya anthu awiri amenewa, pakuti tsiku limene mnyamata wa njingayo adzapeze zambiri pa mtengo woima kuposa pa mtengo wogwa ndilo tsiku limene ntchito yokopa alendo idzamere mizu m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Tsiku limenelo silinafike.

Kwa zaka zambiri, pa msonkhano uliwonse wa zachuma timamva mau akuti alendo odzaona dziko ndiwo adzathandize fodya potibweretsera ndalama zakunja. Ngakhale masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akuitchula ntchito imeneyi. Mauwa ndi abwino ndipo ife sitikuwatsutsa. Koma ndi udindo wa tsamba lino kuuza awerengi athu zoona ngakhale pamene zikuwawa, ndipo zoona zake n'zakuti chuma cha alendo ndi chuma chamantha. Fodya ukamuika m'chigafa amadikira wogula. Mlendo sadikira. Akamva kuti mlatho waduka, kapena kuti mafuta a galimoto asowa, amatembenuka n'kulunjika ku Mfuwe m'dziko la Zambia kapena ku Gorongosa m'dziko la Mozambique, ndipo satsazika.

Tiyambe ndi zimene zatheka, pakuti si bwino kuti munthu azingolira ngati sadapatsidwepo kanthu. Nkhalango ya Majete, ya masikweya kilomita 700, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1955. Pofika m'chaka cha 1992 njovu zonse za m'menemo zinali zitaphedwa; chipembere, mkango ndi nyalugwe nazonso zidazimirira, ndipo chimene chidatsala chinali dzina pa mapu ndi alonda owerengeka opanda galimoto. M'chaka cha 2003 Boma lidachita pangano la zaka 25 ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi yathu yoona za nyama zakutchire. Chaka chomwecho zipembere zidabwezedwa. Njovu zidayamba kufika mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018 ndi mimbulu mu 2021. Njovu zija zidaswana kufikira kuti m'chaka cha 2017 zina zidanyamulidwa pa malole kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota. Taganizani, amai ndi abambo: malo amene adasowa ndi njovu imodzi yomwe adasanduka khola logawira anzao mbeu. Lero mlendo angathe kudzuka m'mawa mu mzinda wa Blantyre, kuyenda makilomita pafupifupi 70, ndi kuona njovu ikumwa madzi a Shire dzuwa lisanafike paliwombo. Anthu oposa 100, ambiri a iwo ana a m'midzi yozungulira, amalandira malipiro pa mwezi chifukwa cha nkhalango imeneyi. Amene anganene kuti m'Malawi sizingatheke apite ku Majete akaone ndi maso ake.

Koma tisanyengedwe ndi chikomekome cha mkuyu. Tifunse kuti Majete idadzuka ndi chiyani. Sidadzuke ndi mau a pa nsanja. Idadzuka ndi mpanda wa waya wamagetsi wozinga nkhalango yonse, ndi alonda ophunzitsidwa bwino amene amalandira malipiro ao pa tsiku lake, ndi magalimoto amene ali ndi mafuta, ndi misewu yopalidwa chaka ndi chaka. Zonsezi zidadya ndalama zochuluka, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lidachokera kwa anthu akufuna kwabwino a ku maiko ena. Tsono yendani pang'ono chakumwera mufike ku Lengwe, malo amene adayamba kutetezedwa m'chaka cha 1928 ndi kukwezedwa kukhala paki mu 1970, kwao kwa nyala zimene makolo a kuno amazitcha boo. Lengwe ndi yaikulu kuposa Majete, masikweya kilomita 887, koma mlendo amangoona kachigawo kakum'mawa koyandikana ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Kumadzulo, cha kumalire a Mozambique, kwakhala kukulowa nkhwangwa, makasu ndi misampha ya waya. Pitirirani mpaka ku Mwabvi m'boma la Nsanje, kumene kudali kwao komaliza kwa zipembere zobadwira m'dziko muno. Ndi malo okongola, a matanthwe ndi zigwembe, koma ndi angati mwa awerengi athu amene angaloze njira yake? Chigwa n'chimodzi, dzuwa n'limodzi, anthu ndi amodzi. Chimene chasiyanitsa malo atatuwa ndi ndalama yoikidwamo mosalekeza ndi mwambo pa ntchito.

Apa ndiye pali mtsutso umene tiyenera kuukumana maso ndi maso. Chitukuko chimene chaima pa thumba la mnansi chimakhala bwino malinga mnansiyo ali moyo ndipo akadakukonda. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, ndege zonyamula anthu zidaleka kutera m'dziko muno kuyambira mu Epulo mpaka mu Seputembala. Nyumba zogona alendo zidakhala pululu, operekera zakudya ndi ochapa adabwezedwa kumudzi, koma njovu sizidaleke kufuna mlonda, ndipo waya sudaleke kufuna magetsi. Malo amene adali ndi abwenzi akunja adapirira. Amene amadalira ndalama ya pachipata yokha adagwada. Sitikunena izi ponyoza abwenzi athu. Kuyamika ndi khalidwe la Amalawi. Tikunena kuti zaka za pangano lililonse zimatha, ndipo funso limene mtundu uyenera kudzifunsa ndi lakuti m'zaka zonsezi taphunzira chiyani chimene tingakachite tokha ku Lengwe ndi ku Mwabvi popanda kudikira wina adzatigwire dzanja.

Chopinga chachikulu koposa, ngakhale tsiku lina ndalama zitapezeka, ndi madzi. Chigwa cha Shire ndicho chidikha cha dziko lathu: Blantyre ili pamwamba mamita pafupifupi 1,000, pamene pa malire a kumwera, pomwe Shire amatulukira kulowa m'Mozambique, nthaka yangokwera mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Madzi ambiri ogwa ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mwanza, ku Neno ndi ku Blantyre amathera kumeneko. Kale madziwa ankatsika mwaulemu, atayamba amwedwa ndi mizu ya mitengo ya m'mapiri. Lero amatsika tsiku limodzi, atanyamula mchenga, miyala ndi zitsa. Mitsinje ya Mwanza, Ruo ndi ina yadzala mchenga kotero kuti mvula ya masiku awiri imaitulutsa m'njira zake. Mu Januwale 2015 Ruo adasintha njira, ndipo Makhanga idasanduka chilumba. Mu Malichi 2019 kudadza madzi a namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, pakhomo penipeni pa Majete, ndi kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, kotero kuti dziko lonse lidakhala mu mdima wa apo ndi apo kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe yemweyo adadula mlatho wa Chapananga umene unali udakali watsopano. Mu Malichi 2023 kudabwera Freddy, amene adapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo chakumwera. Pa zaka zisanu ndi zitatu, masoka anayi akuluakulu.

Tikamatchula masoka amenewa, choyamba m'mitima yathu ndi miyoyo ya anthu ndi minda yao, osati mabedi a alendo. Koma popeza nkhani yathu ndi ya alendo, tiyenera kunena kuti palibe munthu wamalonda amene angamange nyumba ya mamiliyoni pamalo amene msewu wake umaduka chaka chilichonse chachitatu, ndipo palibe kampani ya ku London kapena ku Johannesburg imene ingalonjeze anthu ake ulendo umene siikudziwa ngati utheka. Njanji ya pakati pa Makhanga ndi Bangula idaduka pa Chiromo m'chaka cha 1997, ndipo ana obadwa chaka chimenecho akula, akwatira, osaona sitima ikuoloka pamenepo. Msewu wa kutsidya lakum'mawa kwa Shire, wochokera pa Thabwa kulowera ku Muona, umene ukadatsegula mbali ina ya Dambo la Njovu kwa alendo, nyengo ya dzinja wakhala ukusautsa ngakhale ambulansi. Ndipo tikabwerera pa phiri lija tidayambira, tiona kuti thumba la makala lokwera pa njinga mu Okutobala ndilo limabwerera ngati chigumula mu Januwale. Mnyamata uja sitikumuweruza yekha. Makalawo sawaphikira iye; amaphikira ife a m'tauni, ife amene timavala mataye ndi kulankhula za kuteteza chilengedwe m'mahotela, mbaula ili kuseri kwa nyumba ikuyaka. Nkhalango ya Chikwawa ikupsera m'makhitchini a ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Namiwawa komwe.

Tsono tifike pa mwini dziko, munthu wa kumudzi amene nyumba yake yayang'anana ndi mpanda wa nkhalango. Kwa mlendo njovu ndi chithunzi. Kwa mlimi njovu ndi njala, pakuti usiku umodzi wokha ikhoza kumaliza mapira a chaka chonse. Kwa mlendo mvuu ndi choseketsa; kwa msodzi wa m'Dambo la Njovu mvuu ndi imfa yogudubuza bwato. Amai a m'mbali mwa Shire amatunga madzi diso lili pa ng'ona. Mpanda wa Majete wachepetsa kwambiri mavuto a njovu kumeneko, ndipo ichi n'choyamikika, koma mpanda uli ndi nkhope ziwiri: umatsekera nyama m'kati, umatsekeranso munthu kunja, kumene makolo ake ankatema nsungwi, kumweta udzu, kufula uchi ndi kukumba mankhwala. Anthu achuluka, malo olima achepa, pakuti mbali ina yatengedwa ndi nkhalango, ina ndi nzimbe, ina ndi madzi. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene dziko lathu lidalandira othawa kwao oposa miliyoni imodzi, Nsanje ndi Chikwawa zidasenza katundu wolemera, ndipo mitengo yambiri idathera pamenepo. Lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017 kotero kuti wopha nyama zotetezedwa koposa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Lamulolo ndi loyenera, pakuti ogula minyanga ndi nyanga za chipembere si amphawi. Koma mlimi akafunsa kuti, "Ndikapha njovu ndimangidwa, nanga njovu ikadya munda wanga amangidwa ndani?" tiyenera kukhala ndi yankho loposa kumuuza kuti apirire.

Yankho lake ndi phindu looneka ndi maso, ndipo apa ndi pamene ntchito yokopa alendo m'maiko osauka imapunthwa kawirikawiri. Mlendo akalipira ulendo wake, ndalama yambiri imatsala kwao isanakwere n'komwe ndege: ina kwa kampani yomukonzera ulendo, ina kwa eni ndege zimene zimamusinthitsa ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Imene imafika kuno nayo imatulukanso pa khomo lakumbuyo kukagula mafuta, zakumwa, mafiriji ndi zitsulo za galimoto, zonse zochokera kunja. Chotsala m'mudzi ndi malipiro a mlonda ndi a wochapa. Mlembi wa nkhani ino adagonapo pa nyumba ina ya alendo m'chigwachi, ndipo m'mawa, atapatsidwa mazira ndi tomato, adafunsa wophika kuti zagulidwa kuti. Wophikayo adayankha kuti zonse zimabwera pa galimoto kuchokera m'sitolo ya ku Blantyre kamodzi pa sabata. Mlembiyo adapsa mtima, pakuti kunja kwa mpanda nkhuku zinali kulira ndipo amai anali atayala tomato m'mbali mwa msewu. Koma wophika uja, munthu wodekha, adamufotokozera kuti adayesapo kugula m'mudzi: sabata yoyamba mazira adabwera 60, yachiwiri 12, yachitatu wogulitsayo adapita ku maliro, ndipo alendo sangauzidwe kuti lero kulibe chakudya chifukwa cha maliro. Mkwiyo udatha, padatsala manyazi. Cholakwa chili mbali zonse ziwiri. Mwini hotela safuna kuvutika, ndipo mlimi payekha sangakwanitse. Chosowa ndi gulu la alimi lolembetsedwa, lokhala ndi mlembi ndi msungichuma okhulupirika, limene lingalonjeze mazira, masamba, nyama ya mbuzi ndi uchi pa tsiku lake ndi pa muyeso wake. Chigwa chimene chimadyetsa Blantyre nyama ya ng'ombe za ku Ngabu sichingalephere kudyetsa alendo makumi awiri. Alimi a njuchi ozungulira Majete aonetsa kale kuti uchi wa m'mudzi ungathe kuikidwa m'botolo n'kugulidwa ndi mlendo. Alangizi athu a zaulimi ndi a zamalonda atengerepo phunziro.

Maiko ena adaona msanga kuti chifundo chokha sichikwanira, nakhazikitsa gawo la anthu a kumudzi mwa lamulo. Dziko la Rwanda lidayamba m'chaka cha 2005 kupereka 5 peresenti ya ndalama za m'mapaki ake ku midzi yozungulira, ndipo mu 2017 lidakweza gawolo kufika pa 10 peresenti. Namibia idasintha lamulo lake mu 1996 kuti midzi yogwirizana ikhale ndi ulamuliro pa nyama za m'dera lao ndi kuchita mapangano ndi eni mahotela. Sitikuti tikope zonse monga ziliri, pakuti Namibia ili ndi malo ambiri ndi anthu ochepa, pamene ife tili ndi anthu ambiri ndi malo ochepa. Chimene tikutolapo n'chakuti munthu amasamala chinthu chimene akudziwa gawo lake. Kwathu kuno makomiti a m'midzi oona zachilengedwe alipo, ndipo mijigo, midadada ya sukulu ndi thandizo la fizi zaperekedwa m'malo ena. Koma funsani munthu wamba pa msika wa Dyeratu kuti chipata cha nkhalango chidatolera zingati chaka chatha ndipo mudzi wake udalandirapo zingati, adzakuyang'anani ngati mwamufunsa za kumwezi. Pamene chiwerengero chabisika, mphekesera imalowa, ndipo mphekesera ndiyo imadula waya usiku.

Pali chuma china m'chigwachi chimene sichifuna mpanda wamagetsi, koma tachinyalanyaza. David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 pa sitima yake ya Ma Robert mpaka mathithi a Kapichira adamuimitsa, ndipo adalemba kuti m'dambo lina adaona njovu pafupifupi 800. Ndilo Dambo la Njovu, limene lero njovu mulibe koma mbalame zam'madzi zili mbwee, ndipo m'chaka cha 2017 lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Bishopu Mackenzie adamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amakumana ndi Shire. Anzake a mishoni yomweyo, Scudamore ndi Dickinson, adaikidwa kwa Chibisa mu 1863, ndipo Richard Thornton adagona chaka chomwecho pafupi ndi Majete. Mafumu ena a Chikwawa, monga Kasisi, Mlilima, Maseya ndi Katunga, ndi zidzukulu za Amakololo amene adabwera ndi Livingstone. Mbiri yonseyi ili m'mabuku a ku Ulaya, ndipo alipo anthu amene angaoloke nyanja kudzaponda malo amenewa. Koma atafika, angapeze chikwangwani, njira yolambulidwa, kapena mnyamata wophunzitsidwa kufotokoza? Izi sizifuna ngongole ya ku World Bank. Zifuna khasu, utoto ndi khonsolo yogalamuka.

Za Khulubvi tilankhule mosamala. Kachisi wa Mbona ku Nsanje, amene mbiri yake imakhudza ufumu wa Lundu ndi Amang'anja onse, adaikidwa m'chaka cha 2011 pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi UNESCO. Phiri la Mulanje lidavomerezedwa kale mu 2025, kutsatira Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi Chongoni mu 2006. Wansembe wa ku Holland, Matthew Schoffeleers, adathera zaka zambiri akuphunzira za Mbona ndi kuzilemba. Chodabwitsa n'chakuti msitu wa Khulubvi waima mpaka lero popanda waya ndi popanda mfuti, pamene mitengo yozungulira idatha. Chimene chauteteza ndi ulemu. Chifukwa cha ichi, ife sitigwirizana ndi aja amene akufuna kusandutsa malo opatulika kukhala msika, kuti aliyense wokhala ndi kamera azilowa monga afunira. Chikhalidwe chogulitsidwa mosasamala chimauma ngati duwa lothyoledwa. Amene angalowe, nthawi yolowera, chovala chake ndi polekezera pake, zonsezi anene ndi eni kachisi ndi mafumu, osati kalaliki wa ku Lilongwe kapena mwini galimoto za alendo. Chimodzimodzi valimba ndi utse: woimba alipidwe monga mmisiri, asaponyeredwe makobidi ngati wopempha.

Tidzudzulenso mtima wathu ife eni. Kwa nthawi yaitali Amalawi a kumtunda akhala akuliona dera limeneli ngati malo a chilango. Mphunzitsi kapena namwino akamva kuti wasamutsidwira ku Nsanje amayamba kufunafuna kalata ya dokotala. Timalidziwa chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kopitirira madigiri 40, chifukwa cha udzudzu ndi misasa ya othawa madzi, ndiponso chifukwa cha mbiri yoipa ya kusasa fumbi imene idafalitsidwa pa dziko lonse m'chaka cha 2016. Ngati ife eni timalinyoza, mlendo alikonda bwanji? Ife amene tidaphunzira pulaimale m'zaka za m'ma 1980 tidaloweza pamtima maina a Nyika, Kasungu, Liwonde ndi Lengwe kuti tikhoze mayeso, koma ambiri a ife tidafika zaka makumi anayi tisanaone njati ndi maso. Mpaka lero alipo ana a ku Nchalo amene boo amangomudziwa pa chithunzi cha m'buku, chikhalirecho akugona mtunda woyenda pa njinga kuchokera pa chipata cha Lengwe. Mliri wa 2020 udatiphunzitsa kuti mlendo wodalirika ndi wa kwanu, amene safuna ndege. Mabungwe ndi maofesi amene amathamangira ku Mangochi ndi ku Salima pa msonkhano uliwonse akumbukire kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyengo ya m'chigwa ndi yofatsa, ndipo mtunda wake kuchokera ku Blantyre ndi waufupi.

Ntchito zikuluzikulu nazo ziyenera kuyendera limodzi ndi nkhani imeneyi. Doko la Nsanje lidatsegulidwa mu Okutobala 2010 ndi chiyembekezo chachikulu, koma sitima sizidayambe kufika chifukwa anzathu a ku Mozambique adafuna kuti payambe pachitika kafukufuku wa mitsinje ya Shire ndi Zambezi. Phunziro lake n'lakuti chigwa chozingidwa ndi mnansi mbali zitatu sichingatukuke popanda kumvana naye, ndipo mlendo wochokera ku Beira kapena ku Gorongosa akadayenera kulowera pa Marka mosavuta. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000, njira yake ikudutsa m'mbali mwa Majete ndi m'kati mwa Lengwe. Ngalande imeneyi ingathe kukhala dalitso, pakuti mlimi wokolola kawiri pa chaka sasowa kutchera msampha, ndipo masamba aja wophika ankawasowa angamere pomwepo. Ingathenso kukhala tsoka ngati mawoloko a nyama sasamalidwa, ndi ngati anthu ongofuna malo adzakhamukira m'mphepete mwa nkhalango popanda dongosolo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a maboma awiriwa aziyang'anira zimenezi ndi maso awiri, osadikira tsiku lodula riboni.

Pempho lathu tikulipereka kwa makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, kwa nthambi yoona za nyama zakutchire ndi kwa onse oyendetsa malo a alendo m'chigwachi, ndipo si lolemera. Chaka chilichonse, pa bolodi la pa ofesi ya DC ndi pa bwalo la mfumu yaikulu iliyonse yoyandikana ndi Majete, Lengwe, Mwabvi ndi Dambo la Njovu, pamatidwe pepala lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chisena lonena alendo amene adalowa, ndalama imene idatoleredwa, imene idapita ku midzi ndi ntchito imene idagwira, anthu a m'deralo amene adalembedwa ntchito, ndi minda imene idaonongedwa ndi nyama. Mvula isanagwe, makalavati a msewu wa M1 ndi a njira zolowera m'nkhalango achotsedwe mchenga, ndipo manda a kwa Chibisa alambulidwe ndi kuikidwa chikwangwani. Mphunzitsi wamkulu aliyense wa sukulu yoyandikana ndi chipata apemphe tsiku loti ana a Sitandade 8 akalowe, ndipo oyendetsa nkhalango asamukanize. Atsogoleri athu a m'nthambi ndi m'madera akafunse mafunso amenewa pa misonkhano ya chitukuko cha m'mudzi, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Makalata ofunsa ziwerengerozi tiwatumiza ku maofesi onse atchulidwawa, ndipo mayankho ao tidzawasindikiza pa tsamba lino monga momwe adzaperekedwere, pamodzi ndi maina a maofesi amene adzakhale chete.